Diso Lofiira la Makina a Kusukulu

Lolemba, 21 Novembala 1994, Dharan

Tepi ya ukwati wa mlongo wanga Khem yafika kuchokera ku Hong Kong, komwe ndi msilikali. Anakwatira ife kulibe. Mkazi wake, Mandira, sitinamuonepo. Abwera naye pa 3 Disembala. Amayi akuti aone kaye tepiyo, ndiye adziwe ngati adzamulandire pakhomo. Akapanda kumulandira, Khem sadzapondanso pano. Ndimamudziwa.

Lachiwiri, 22

Pulojekita ya kusukulu. Makiyi ndimasunga ndine, mphunzitsi wa sayansi. Mabulangete m'mazenera a holo. Amayi, azakhali a Dilmaya, ndi ine.

Zoipa. Nkhope zobiriwira ngati za mitembo. Sari, nsalu yovala mkwatibwi, yoyenera kufiira, yakuda bii. Ufa wofiira umene Khem anamuthira pamutu, ngati mwaye.

Azakhali: "Mlamu, mwadzionera nokha. Ukwati wanji wa zakuda?" Amayi anangodzuka.

Lachitatu, 23

Si malodza. Diso limodzi lazima.

Makinawa ali ndi maso atatu: lofiira, lobiriwira, labuluu. Kuwala ndi mitundu zimachoka pa tepi zitasakanikirana m'waya umodzi. M'kati zimagawidwa patatu, diso lililonse nkuponya chithunzi chake pakhoma, zitatuzo nkusanjikana. Choyera ndi onse atatu pamodzi. Lofiira likazima, chinthu chofiira chilibe wochiwalitsa. Chimada.

Ndawafotokozera Amayi tikumwa tiyi. Akuti mwezi watha tepi ya masewera a ana inaoneka bwinobwino, nanga makina adwaliranji pa ukwati wa mwana wawo wokha. Funso labwino, kunena zoona. Yankho nlakuti zangochitika, ndipo yankho lotere salikonda.

Azakhali akuti ndinawerenga mabuku mpaka kuiwala kukwatiwa.

Lachisanu, 25

Masiku awiri ndi buku la makinawo. Chubu cha diso lofiira nchamoyo. Kawaya ka kumbuyo kwake kanachita dzimbiri ndi chinyontho cha mvula. Ndapala, ndawotcherera. Kenako kuwongola maso atatuwo kuti mizere yawo igwirizane, apo ayi munthu amakhala ndi mphuno zitatu.

Sari yofiira ngati tsabola wakupsa. Mandira amaseka atagwira pakamwa. Ndamukonda, ngakhale umenewo si umboni wa kanthu.

Amayi akana kubwera. Akuti ndaipaka utoto.

Loweruka, 26

Abwera, nditawalonjeza kuti ine sindikhudza chilichonse. Ndinawapatsa mbale yamkuwa. Kuvindikira diso lofiira, sari yakuda. Kuchotsa, yofiira. Kasanu, mwina kuposa. Azakhali ankalankhulabe, wowamvera panalibe.

Kenako Amayi anapita kufupi ndi khoma kuti aione bwino nkhopeyo. Kuwala kunawagwera kumsana. Nsalu yawo yotuwa ya akazi amasiye inafiira yonse ndi sari ya Mandira. Chimwalirire Bambo, zaka zisanu ndi zinayi, sindinawaonepo m'zofiira. Chifukwa chake ndikuchidziwa: nsalu yotuwa imabweza kuwala kulikonse. Kudziwako sikunandithandize. Ndinayang'ana pansi.

Anaziona pa mkono wawo. Sanachokepo.

"Waonda mwanayu," anatero. "Kumeneko sadya?"

Lamlungu, 27

M'mawa andituma kupositi, ndikaimbe lamya ku Hong Kong, ndikafunse ngati mpongozi wawo amadya nyama ya mbuzi, ndi tsabola wochuluka bwanji. "Mpongozi wanga." Mawu awo, si anga.

Kuno Lamlungu ndi tsiku la ntchito ndi sukulu. Kupositi kumakhala mzere wautali. Ana a sayansi adikira.