Chikumbutso Kapena Chikumbusko

Nkhamenya,
Kasungu.
20 Meyi, 2024.

Okondedwa achemwali anga a Goodness,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Kepitauni. Ife kuno tili bwino ndithu. Mwana akuyamwa kwambiri, masaya atuluka, ndipo wayamba kumwetulira akaona nkhope ya munthu. Alamu anu a Elliot ali pa kalikiliki wodinda mabelo a fodya. Fodya tinamaliza kusankha Lachisanu, chaka chino wachita bwinoko kusiyana ndi chimanga chimene chinapsa ndi dzuwa la mu Febuluwale.

Mudabwa kuona kalata pamene timalankhulana pafoni sabata iliyonse. Ndapatsira a Levison, omwe akubwerera kumeneko Lachinayi, chifukwa nkhani ndili nayoyi ndayesa katatu kukuuzani pafoni, koma ndikangomva mawu anu ndimayamba kukamba za mvula ndi za matewera. Nkhani yake ndi ya dzina la mwana.

Mukukumbuka kuti ndili woyembekezera munandiuza kuti, "Lefina, akadzakhala wamkazi udzandibwezere dzina la mwana wanga." Ine ndinavomera osaganiza kawiri. Ndikanakana bwanji? Amayi atamwalira munandilera ndinu, ndipo Chikumbutso wanu uja ndinamubereka kumsana kwanga kuyambira ali wakhanda mpaka pamene anatisiya ali ndi zaka zitatu.

Koma kuno kumene ndinakwatiwa si kwathu ku Wimbe. Kuno dzina la mwana woyamba limachokera kuchimuna. Mchombo utagwa, apongozi anga a NyaKamanga anamutenga mwana, kumutulutsa pakhonde pamaso pa abale, n'kunena kuti, "Uyu ndi Chikumbusko." Ankanena za amuna awo, bambo a Elliot, omwe anamwalira mu Ogasiti ine ndili ndi pakati pa miyezi iwiri. Inu mukudziwa kuti apongoziwo kwawo n'kumpoto, Chichewa amalankhula koma pakamwa pawo pamathamangira Chitumbuka.

Nditamva dzinalo mtima unakhala pansi. Ndinati Mulungu wandithandiza, maina awiriwa ndi amodzi, tanthauzo lake ndi limodzi, angosiyana kumapeto kokha. Tsiku lomwelo ndinakuimbirani n'kukuuzani kuti mwana ndi Chikumbutso. Munalira, inenso ndinalira, koma sindinakuuzeni kuti pakhomo pano akumuitana mwina. Limenelo ndi bodza langa loyamba pa nkhani ya dzinali.

Kumapeto kwa Epulo ndinapita naye kusikelo kukabayitsa katemera. Alangizi a zaumoyo atafunsa dzina loti alembe pakabuku, ndinati Chikumbutso. Anandiyang'ana, chifukwa amawadziwa apongozi anga, n'kufunsa kuti, "Tso kapena sko?" Ine ndinati, "Tso." Kabukuko ndinakabisa pansi pa zovala m'sutikesi.

Zinaululika patapita masiku anayi okha. A Zakeyo, akatekisiti athu, ankalemba maina a ana odzabatizidwa pa 16 Juni, ndipo anafuna kabuku ka mwana aliyense. A Elliot anakatenga okha ine ndili kumjigo. Pobwera ndinawapeza atakhala pakhonde kabuku kali m'manja.

"Apa analakwitsa ndi achipatala, kapena munawauza choncho ndinu?" anandifunsa.

"Ndinawauza ndine."

"Chifukwa chiyani simunandiuze ine?"

Ndinawafotokozera za lonjezo lija. Sanakalipe, mukuwadziwa alamu anu. Anangoti, "Bambo anga sanathe ndi chaka chomwe m'manda. Amama dzina limeneli analisunga miyezi isanu ndi iwiri. Ine sindikawauza, mukawauze nokha."

M'mawa mwake ndinawapeza apongozi m'chigafa akusankha fodya. Ndinakhala pambali pawo mwana ali kumsana, n'kuyamba kumanga mapindi, timitolo tija ta masamba osankhidwa. Ndinamanga mapindi asanu ndisanatsegule pakamwa. Kenako ndinanena zonse: za inu, za mwana wanu, za kabuku. Iwo sanasiye ntchito. Ankatenga tsamba, kulitambasula pabondo, kuliyang'ana, kuliika pamulu wake.

"A NyaMbewe," anatero, monga amanditchulira kuno, "mwana wa akulu anuyo anamwalira ali ndi zaka zingati?"

"Zitatu, amama."

"Akulu anu ali ndi wina?"

"Ayi. Anali yekhayo."

Anatambasula masamba ena awiri. Kenako anati, "Amuna anga anakhala zaka makumi asanu ndi awiri. Asiya ana asanu ndi mmodzi, asiya chigafa chino, asiya mitengo ya mango iyo. Owakumbukira alipo ambiri. Mwanayo wasiya chiyani? Lekani likhale la Chichewalo."

Madzulo ake anauza banja lonse kuti mwana ndi Chikumbutso, ndipo wina asalakwitse. Iwo eni ake ndiwo ankavutika nalo. Ankati akayamba "Chikumbu," amaima kaye pang'ono ngati munthu wofuna kudumpha ngalande, kenako n'kumaliza "tso." Alamu anga aakazi ankaseka, iwo osaseka.

Ndiye kuti ndinapambana, achemwali. Koma tsopano mverani zimene sindinayembekezere. Pakhomo ponse anthu ankaitana Chikumbutso, kupatula ine mayi wake. Ndinkati "mwanawe," ndinkati "mami," ndinkati "iwe kadona." Ndikafuna kutchula dzinalo ndinkaona nkhope ina, ya mwana woyenda kale, wovala kadiresi kachikasu kaja munamugulira pamsika wa Wimbe, akundikoka chitenje kuti ndimupatse nzimbe. Ndinkadziuza kuti ndizolowera.

Sabata yachiwiri ya mwezi uno ndinali kudimba kukathirira mpiru, mwana nditamusiya ndi apongozi. Dzuwa lili pamutu ndinamva akukuwa kuchokera kumtunda: "A NyaMbewe! Chikumbutso watentha thupi!" Achemwali, ndinasiya kuthirira pomwepo. Ndinakhala pansi m'matope, kheni ili m'manja, osatha kudzuka. Mawu amenewo, omwewo ndendende, ndi amene ndinakuuzani ine chaka cha 2017 mutangofika kuchokera kuganyu ku esiteti.

Pano ndiyenera kukuuzani chinthu chimene ndachisunga zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku limene lija thupi la mwana wanu silinayambe kutentha madzulo monga ndinakuuzirani. Linayamba m'mawa, inu mutangochoka. Dzulo lake ndinali nditapita naye kukaonera mpira wa manja ndipo mvula inatinyowetsa pobwera, ndiye ndinkaganiza kuti wadwala chifukwa cha ine, ndinkaopa kuti mundikalipira. Ndinamufunditsa bulangeti n'kumadikira kuti mwina asintha. Esiteti sinali kutali, ndikanatha kuthamanga kudzakuitanani. Sindinabwere. Anthu achipatala anati anali malungo aakulu ndipo tinachedwa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, koma sindikunena zimenezi kuti ndidzichotse mlandu. Sindikudziwa ngati akanachira tikanapita m'mawa, ndipo palibe angandiuze.

Ulendo uno sindinadikire. Nditadzuka m'matopemo ndinathamanga, a Elliot anapeza njinga yamoto, ndipo pasanathe ola tinali kuchipatala. Anamuyeza magazi, malungo sanapezeke. Anati ndi chimfine chabe, anatipatsa mankhwala akumwa, patatha masiku awiri anali akusewera ndi zala zake.

Pobwerera tinatsika njinga pamsewu waukulu n'kuyenda wapansi. M'njiramo ndinawauza a Elliot kuti dzina lija sindingalithe. Lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali ku Wimbe. Mwana wanga sindikufuna kuti nthawi zonse ndikamuyang'ana ndiziona wina, ndiponso Chikumbutso wanu sindikufuna kuti alowedwe m'malo ngati kuti sanakhaleko. Iwo anati, "Mwaganiza bwino? Chifukwa kachitatu sitisinthanso." Ndinati ndaganiza.

Lachitatu lapitali ndinabwerera kwa alangizi aja. Anadula mzere pa dzina loyamba n'kulemba Chikumbusko pamwamba pake, kwinaku akundiseka kuti amayi ena amasintha zitenje, ine ndikusintha maina. A Zakeyo nawonso alemba lomwelo pamndandanda wa ubatizo. Ndikamuitana choncho pakamwa panga sipalemera. Ndimaona iye yekha, ndi mphuno yake yonga ya agogo ake aamuna.

Amene sanalandire nkhaniyi msanga ndi apongozi. Ndinkaganiza kuti asangalala, koma funso lawo loyamba linali lakuti, "Akulu anu mwawauza?" Nditati ayi, anati, "Yayi, a NyaMbewe. Dzina lija ndinalipereka kwa iwo, osati kwa inu. Sindingalitengenso kuseri iwo osadziwa." Mpaka lero sakutchula dzina lililonse mwa awiriwa. Akumuitana kuti "mlendo," ndipo anena kuti azitero mpaka mutamva. Pepala ndikulembapoli andigulira ndi iwo kugolosale.

Ndiye ndi zimenezo, achemwali. Ndinakulonjezani ndipo sindinasunge lonjezo. Ndinakunamizani pafoni, ndiponso ndinakubisirani za tsiku lija kwa zaka zonsezi. Ngati mukwiye, kwiyani, ndinu akulu anga ndipo muli ndi chifukwa. Koma dzina ndasankha ndi limenelo, sindikufuna kukunamizaninso kuti mwina ndisintha.

Ndili ndi pempho limodzi. Ndikudziwa kuti mu Juni mabwana anu sangakuloleni kubwera, koma mu Disembala bwerani mudzamunyamule. Musavutike ndi katundu, zovala zimene munatumiza zija zina sanayambe n'kuvala komwe.

A Elliot akupereka moni. Amalume ku Wimbe ndinawaona mwezi watha, mwendo uja ukuwavutabe koma akuyenda. Apongozi akuti ndikupatseni moni wapadera, ndipo aika mtedza wosenda ndi ufa wa kondowole m'kajumbo kamene a Levison atenge, akuti ndi zanu. Mwana wagona pamwendo panga pamene ndikulemba, n'chifukwa chake zilembo zina zapendekeka.

Mukawerenga kalatayi mundiimbire, ngakhale patapita masiku angati, ndidikira. Mukaimba musayambe ndi kufunsa za ine. Muyambe mwafunsa za mwana, ndipo mumutchule dzina limene pakamwa panu palole. Mukalephera onse awiri, mungoti, "Mlendo ali bwanji?" Ine ndidzamva.

Ndine mng'ono wanu amene munamulera,

Lefina.