Njere Zitatu za M'sefa

Lolemba, 6 Julaye

Thumba 41, dothi la pansi penipeni pa dzenje lomwe tikukumba m'phanga. Ntchito yanga ndi yomwe ija: kuthira dothi m'diramu la madzi, kuvundula, zoyandama n'kuziwola ndi sefa. Makala, timizu, tizigoba ta nkhono. Lero njere zitatu, zakuda bii. Zitauma pa nsalu, Adokotala, mayi wotsogolera ntchito yonseyi, anaziika pa makina okuzira zinthu. Kenako anavula chipewa. Zaka zitatu ndili nawo, mutu wawo ndauona lero. Imvi zokhazokha.

Akuti ndi mawere. Akuti ngati anthu a m'phangamo ankalima kale pa nthawi ya dothi limenelo, mabuku alembedwanso. Anandigwira dzanja pamaso pa onse: "Manja awa ndi odala." A Kapitawo nawo: "Ngati ndi odala andisisiteko msanawu." Onse kuseka. Inenso.

Ndili m'njira pobwerera ndi pamene ndinakumbukira. Sefa.

Lachiwiri, 7 Julaye

Ndilembe, poti pakamwa pakukana.

Lachinayi lapitalo khitchini ya amayi inapsa. Mbewu yawo ya mawere inali m'thumba pa nsanja. Amayi kufukula phulusa ndi zala, misozi ili chuchuchu. Lachisanu ndinatenga sefa ya kuntchito, ya maso ang'onoang'ono ija, osapempha. Tinapulumutsa makapu awiri. Sefayo ndinangoigogoda pa mwala, dzulo m'mawa n'kuibweza pa msomali wake anthu asanafike. Kutsuka ayi. Lamulo loyamba la pano: sefa imatsukidwa pa thumba lililonse. Atsopano akabwera, wowaphunzitsa lamuloli ndine.

Lero ndinaitembenuza. Pakati pa waya ndi thabwa, njere ina yachinayi. Ndinaikolopola ndi chikhadabo, n'kuimeza.

Ambuye, munaona.

Lachinayi, 9 Julaye

Adokotala aimbira akuluakulu a ku yunivesite. Zikuoneka kuti tidzakumbanso chaka chamawa. Anthu asanu ndi anayi, aliyense ndi banja lake. A Kapitawo andipatsa dzina, Namawere. Akadutsa pa diramu: "Namawere, tavundulani bwino, mwina mutulutsa ndi khasu lomwe." Mmodzi wa okumba wandibweretsera mpando, akuti munthu wamkulu sagwira ntchito chogwada.

Njere zitumizidwa Lachitatu kukapimidwa zaka. Makina sanama, adzanena kuti ndi za chaka chatha. Koma yankho limatenga miyezi, ndipo Adokotala adzakhala atalengeza kale. Adzachita manyazi ndi iwo, wa sefa sadzatchulidwa n'komwe. Ndadzipeza ndikuwerengera zimenezi ngati chitonthozo. Ndine munthu wotani?

Chakudya sichikulowa.

Lamulungu, 12 Julaye

Mgonero sindinalandire. Anthu akupita kutsogolo, ine ndili pa benchi, maso pa nsapato. Potuluka amayi anangoti, "Wadwala kapena wachimwa?"

Ndinawauza tili kuseri kwa khitchini yopsa ija. Poyamba anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndiye mawere anga akukwera ndege ine ndisanaione ndi m'kati momwe?" Kenako kuseka kunatha. Anati sefa ndinaitengera iwo, ndiye apite okha akapepese. Ndinakana. Amayi sanamezepo njere.

Lolemba, 13 Julaye

Ndinafika mpaka pa khomo la tenti ya Adokotala. Anadzutsa mutu, akumwetulira. Ndinapempha sopo.

Lachiwiri, 14 Julaye

Ndanena. Zonse, ndi ya kumeza yomwe.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangofunsa, "Zonse zitatu ndi zanu?" Ndinati sindikudziwa. Anandituma kunyumba kukatenga mawere opsa aja. Ndinabwera nawo m'kabokosi ka machesi, thukuta lili kamukamu. Njerezo anaziyala pa galasi, za amayi uku, za thumba 41 uku, n'kundiuza kuti ndiyang'ane ndekha.

Ziwiri ndi za amayi. Ngakhale ine ndinaona, ngati ana a mimba imodzi. Yachitatu ndi yosiyana. Yaing'ono, yokhakhala, yophwanyika mbali imodzi.

"Iyi mwina ndi yakaledi," anatero. "Koma payokha ndi yochepa, siingapimidwe. Ndipo yagona pamodzi ndi zabodza, ndani adzaikhulupirire?"

Masiku onsewa ndimaopa kuti ndapanga bodza. Sindinaganizepo kuti mwina ndaononga choona. Munthu wina anaikolola njere imeneyo, inapsa pa moto wake, inagona m'dothi zaka zosawerengeka osasokonezedwa ndi aliyense, mpaka inakumana ndi ine.

Anaimba foni ndili pomwepo. Ndinamva akuti, "Talakwitsa ndife, musalengeze." Ndife. Dzina langa sanalitchule. Mawu amenewo akundiwotcha kuposa mbama.

Adokotala anawauza anzanga masana. Za chaka chamawa sizikudziwikanso. Mpando uja wabwerera kwa mwini wake. A Kapitawo anadutsa pa diramu kawiri, osati Namawere, osati chilichonse. Kachitatu anaima: "Mukanandiuza ine, mlongo, sefa zakale zili mbwee m'bokosimo." Ndinalira pamenepo, manja ali m'madzi.

Lachitatu, 15 Julaye

Ndinapita nditakonzeka kuuzidwa kuti basi. Ndinatenga ndi jumbo yoti ndiikemo kapu ndi epuloni yanga.

Dothi la pansi paja latsala thumba limodzi, 42. Kunsi kwake ndi thanthwe. Likapanda kutulutsa kanthu, nkhani yathera pomwepo.

Adokotala anatulutsa sefa yatsopano, ikadali m'pepala lake, n'kuiika m'manja mwanga. Ndinati apatse wina. "Pano palibe amene aitsuke kuposa inu," anatero, osamwetulira.

Ndinaitsuka ngakhale ndi yatsopano. Diramu ndinalikwecha, madzi atsopano. Matumba a epuloni ndinawatembenuza, zikhadabo ndinawenga, n'kuonetsa a Kapitawo manja, kuseri ndi kutsogolo. Anati, "Tsegulaninso kukamwa." Wina anaseka. Pang'ono, koma anaseka.

Tsopano ndi nthawi yopuma, ndikulemba nditakhala pa mwala. Nsalu yauma, aitengera ku tenti. Makala analipo ambiri. Tinalinso tina takuda, sindinatiyang'anitsitse, sindinatikhudze. Ndinafuna kupempha Ambuye kuti aikemo njere. Ndaleka. Woikamo njere analipo kale, ndi ine.

Khomo la tenti ndi lotsegula. Adokotala awerama pa makina aja, a Kapitawo aima kumbuyo kwawo. Papita nthawi. Dzanja lawo lakwera, lagwira chipewa. Kaya ndi kutentha chabe, kaya