Sikuluwu ya Atate

Kwacha, Kitwe
Lachisanu, 18 Ogasiti 2006

Wokondedwa mlongo wanga Kingsford,

Uli bwanji ku Joniko, iwe ndi mlamu wanga Zelipa? Chifuwa cha mwana chija chinatha? Kuno amayi miyendo ndi yomwe ija, atate ali bwino m'thupi. Ndati m'thupi dala. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, usachite zako zija zowerenga mizere iwiri n'kuponya kalata pamwamba pa firiji.

Nkhani ndi khadi la zithunzi unanditumizira lija, chipangizo chothandiza kompyuta kuonetsa bwino zojambula. Linafika bwino, zikomo, koma mwandi, latsala pang'ono kundithetsera ukwati.

Amene analiika m'kompyuta ndi ba Terence, chibwenzi changa chija sunachionebe, a ku Kansenshi ku Ndola, komwe ali ndi kashopu kokonza makompyuta. Paja akwawo anabweretsa kale mbale za nsalamu pofunsira ukwati. Mbalezo atate anazitsekera m'wadiropu yawo, kiyi amayenda nayo m'thumba.

Tsiku loyamba khadi linagwira bwino zedi. Mapaipi amene ndimajambulira kontilakita wondipatsa ntchito uja ankatembenuka pa sikirini mosavuta, mpaka ndinavina ndekha. Kutacha, ayi ndithu! Ndikati nditembenuze chojambula, chiime, chinjenjemere, kenako chilumphe.

Ba Terence atabwera anatsegula kapulogalamu kena koonetsa mmene khadi likuyendera. Anati khadilo liyenera kutumizirana zinthu ndi kompyuta kudzera m'njira 16, koma likugwiritsa njira imodzi yokha, ngati minibasi zonse za ku Ndola utazipanikiza pa kamlatho kamodzi. Tsoka lake, ananena zimenezi atate akumva.

Atate anatenga katoni ya khadi n'kuwerenga 16. Anayang'ana pa sikirini, 1. Sananene kanthu pamaso pa mkamwini, ukuwadziwa. Koma ba Terence atangotuluka pageti anauza amayi kuti masewera awa amawadziwa. Ati mgodi umene ankagwirako ntchito utatsala pang'ono kugulitsidwa, zitsulo zatsopano zinkasowa ku sitolo, m'makatoni mwake n'kupezamo zakale zopakidwa penti. Ati mnyamata ameneyu wagulitsa khadi la mwana wanga, waikamo lachabechabe.



Ba Terence sanagone nazo. Anafufuta mapulogalamu oyendetsa khadi n'kuikamo ena, palibe chinasintha. Anafufuza zonse za m'bolodi lalikulu la kompyuta, momwe khadi limalowamo, zili bwino. Kenako anaganiza za senta, utsi wa ku simelita kosungunulira kopa uja umatiwonongera malata. Anazula khadi, napukuta timano take tagolide ndi labala wa pensulo, nauzira fumbi mumpata momwe limalowamo, nalibwezera. Kuyatsa, 16! Ndinaitana nyumba yonse kuti idzaone.

M'mawa mwake, 1.

Analitenga khadilo kupita nalo ku Ndola, naliika m'kompyuta ya kushopu. Tsiku lonse 16. Kubwera nalo kuno madzulo, 16. Kutacha, 1. Apa ndiye atate anatsimikiza. Ati makontilakita achinyengo amatero, geji imaonetsa bwino woyendera ntchito akakhalapo, akangochoka basi. Anaitanitsa amalume a Nicodemus, omwe ndi ankhoswe, n'kuwauza kuti Lamlungu lino mbale zibwerera kwa eni ake, chifukwa mwana wawo sangampereke kwa wakuba.

Ndinalira, ndinagwada, amayi anayesa kulankhula. Mutu wa atate ukuudziwa iwe, ndi umenenso unatengera.

Ndiye dzana Lachitatu ndinadzuka m'mamawa chifukwa tulo tinali titandithawa, cha m'ma 5 koloko, nthawi ija atate ankanyamukira kupita ku shifiti. Ndinaona kuwala pabalaza. Kusuzumira, atate agwada pa kompyuta yanga, chitseko chake cha m'mbali achotsa, bokosi lawo la zipangizo lili pambali. Akumanga sikuluwu imene imagwira khadi ku chitsulo cha kumbuyo, mwamphamvu, mpaka mitsempha ya pamkono kutuluka. Ataikamonso ndi washala wa sipuling'i, kachitsulo kothinitsa sikuluwu kuti isamasuke, tangoganiza!

Iwe unachoka asanawachotse ntchito, ndiye sudziwa. Chichotsedwereni, m'mawa uliwonse amazungulira nyumba ndi bokosi lija. Amamanga mabawuti a geti, zogwirira za mapoto, miyendo ya bedi. Ife tinazolowera, sitionanso n'komwe. Mawu awo ndi omwe aja, akuti bawuti yomasuka imapha munthu, ndipo sanaiwale mmene anatulutsira mtembo wa mnzawo a Horace pansi pa mgodi. Kompyuta itabwera anangoiwonjezera pa ulendo wawo wa m'mawa osauza munthu. Amati akundisamalira.

Atatuluka ndinayang'anitsitsa. Bokosi la kompyuta yanga ndi la chitsulo chopyapyala, lopindika pang'ono kumbuyo. Ukamanga sikuluwu ija kwambiri, mutu wa khadi umatsika, mchira wake n'kutukuka mumpata muja. Timano tagolide takumchira tinali tikuonekera panja. Ndi toyambirira tokha timene tinkakhudza, n'chifukwa chake sikirini inkaonetsa 1.

Ndinathamangira foni. Ba Terence anaseka, kenako anati ndisawauze atate. Ati iwo sangakhale mkamwini amene anaonetsa apongozi kuti dzanja lawo ndilo likuwononga, bola atchedwe wakuba, zidzadziwika zokha. Ndinapsa mtima, Kingsford. Ndinawafunsa kuti ulemu wotani umenewo wondithetsera banja ndikuona? Zidzadziwika liti, mbale zitabwerera?

Dzulo ndinalimba mtima. Sindinawauze atate kuti mwalakwa, pakamwa panga sipakanatha. Ndinangowapempha kuti, monga fitala, katswiri womanga makina a ku mgodi, andionere ngati khadi lakhala molingana. Anakondwa, mwandi, anakatenga rula yawo yachitsulo ija. Anaiika pamwamba pa khadi, nayang'ana mbali iyi, nayang'ana mbali inayo. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene kunafunikira.

Kenako anamasula sikuluwu pang'onopang'ono, mchira wa khadi n'kutsika wokha. Ndinaukankhira pansi mpaka unati tche. Kuyatsa, 16. Anandiuza kuti ndizimitse, namanganso mmene amamangira masiku onse. Kuyatsa, 1. Anamasulanso, 16. Anachotsa washala uja, namuika m'thumba la malaya, natseka bokosi lawo. Chakudya chamadzulo sanakhudze.

Lero m'mawa avala jekete lawo la ku Misa, atuluka ndi mtolo wokulunga m'chitenje, osanena komwe akupita. Wadiropu ndi yokiya, sitingathe kuona ngati mbale zilimo. Amayi ali kuchipinda ndi kolona. Ine mantha anga ndi akuti manyazi awapweteka kwambiri, ndipo aona kuti n'kwapafupi kubweza mbale kusiyana ndi kukhala moyo wonse ndi mkamwini amene anamunamizira. Ndikudziwa kuti kalatayi ikupeza Lamlungu litadutsa, koma ndilibe wina womuuza, ndipo ndikakhala osagwira kanthu ndipenga.

Ndinasiyira pamenepa chifukwa foni inalira. 

Anali ba Terence. Akuti atate anafika kushopu, makasitomala alipo, naika mtolo pa kauntala. Ba Terence anaganiza kuti ndi mbale. Kumasula chitenje, ndi bokosi la zipangizo lija, lomwe ngakhale iwe mwana wawo sankalola kuti ulikhudze. Atate anavula chipewa pamaso pa anthu onsewo, nanena kuti anamutcha wakuba mwana wa eni ake, pomwe wowononga anali iwo. Ati zipangizozi zikhale ndi munthu amene dzanja lake likudziwabe polekezera. Ati Lamlungu abwere kunyumba adzadye. Ba Terence anawatsatira mpaka ku siteshoni atanyamula bokosi, akuwachonderera, koma atate anakwera minibasi osacheuka.

Ukwati wanga wapulumuka, mlongo wanga, ndipo amayi akulira ndi kuseka pamodzi. Koma ine mtima sukukhazikika. Mawa 5 koloko munthu uja adzadzuka monga mwa masiku onse, ndiye adzagwira chiyani?

Pempho langa ndi ili. Ukangolandira kalatayi uwaimbire foni. Za khadi usatchule, ndakugwira mwendo. Uwauze kuti galimoto yako ikulira pansi ukamakhota, uwafunse kuti uyambire pati kuyang'ana. Ngakhale isakulira, Kingsford, uwafunse, ndipo uwasiye alankhule mpaka mayunitsi ako athe.

Ndamva geti, afika. Ndikuwaona pawindo. Aima pamenepo, akuligwedeza kuti aone ngati lili lolimba, ndipo m'manja mulibe kanthu. Ndisiye, ndikawalandire.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko. Undiperekere moni kwa Zelipa, ndipo mwanayo umupsompsone m'malo mwa azakhali ake.

Ndine mlongo wako,
Leah