Kabokosi ka Makutu a Bambo

Lolemba, 3 Juni
Eti mutu wanga ndi wosungirapo chipewa basi. Akutero alamu, amuna a achemwali, munthu woti babu likapsa amaitana aneba. Apangana ndi amayi kuti Loweruka la sabata yamawa ndikayambe kunyamula matumba kusitolo kwawo, malipiro ake chakudya. Bambo anali pompo koma sanamve. Chisiyireni ntchito kuchigayo makutu anatseka, amangogwedeza mutu ngati gulo. Ndalengeza kuti ndiwapangira ampulifaya ya m'thumba, kachipangizo kokweza mawu. Alamu aseka mpaka kutsamwa.

Lachitatu, 5 Juni
Ka IC ka miyendo eyiti, ubongo wa kachipangizoka, ndazula mu wailesi yakufa. Maiki ya foni yakale. Makapasita awiri, timigolo tosunga magetsi. Batire limodzi, kasamadye kwambiri ngati alamu. Chowotcherera mawaya ndilibe, ndiye msomali pamakala. Chala chapsa. Injiniya salira.

Lachisanu, 7 Juni
Kapasita ndinaiika chozondoka, yaphulika, mphaka wathu wathawa, mpaka pano sanabwerere. Amayi akuti izi n'zimene zimachitika ukathawa sukulu. Ngati kuti kusukuluko ankaphunzitsa za mphaka.

Lamulungu, 9 Juni
Katheka, m'kabokosi ka sopo. Ndayesa ndekha, ndamva ngakhale m'mimba mwa achemwali mukulira. Bambo avala timawaya take m'makutu, banja lonse litazungulira. Amayi aitana, alamu awomba m'manja. Nkhope ya bambo gwa, ngati khoma. Kuvula akana, akuti timawayato tikuwafunditsa makutu. Alamu pompo ayamba zawo zija pamaso pawo: mdala watha uyu, njinga yake tigulitse, mnyamatayu ndimukhaulitsa. Amayi osatsutsa.

Lachinayi, 13 Juni
Waya sindikumukhudzanso. Zovala m'chikwama. Bambo akungoyenda nako kabokosi m'thumba la malaya, ana a aneba akuwatcha wailesi. Manyazi ake ndi anga.

Loweruka, 15 Juni
Alamu abwera kudzanditenga, atapezanso wogula njinga. Bambo angoti mwana sapita, njinga sichoka, akuti analota maloto oipa. Amayi akuti mdala wayamba ulosi, tipite naye kumapemphero.

Masana bambo andikodolera kuseri kwa nyumba. Nditatsegula pakamwa kuti ndikuwe monga mwa masiku onse, anditseka ndi dzanja.

“Usakuwe, iwe, umandiboola makutu. Batire layamba kufooka, kapeze lina. Koma amako ndi mlamu wakoyo asadziwe, zoti ndimve zikadalipo zambiri.”