Maondo Anga M'manda a Che Ramadhan

Luwinga, Mzuzu
9 Julaye 2024

Mwana wanga Wahid,

Asalamu alaikum. Uli bwanji kumeneko ku Joni? Nanga mpongozi wanga Shifa, ndi kamdzukulu kanga Lukiya kamene ndimangokaonera pa foni? Ine ndilipo, Mulungu akusunga. Kuno Mzuzu wayamba mwano wake wa Julaye, nkhungu m'mawa, mvula yamawawa masana, kuzizira kolowa mpaka m'mafupa.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata chonsecho foni ili m'thumba. Pa foni ndimakunamiza. Ndikangomva mawu ako, pakamwa panga pamathamangira kunena kuti zonse zili bwino. Ndiye ndati bola pepala, silindiyang'ana m'maso. Ndimupatsira Goodwell, dalaivala uja amandibweretsera katundu wako.

Mabotolo atatu unatumiza mu Epulo aja anafika: la makapusozi a mafuta a nsomba, la mapiritsi achikasu a tameriki, ndi la oyera akuluakulu a dzina lopinda lilime lija, gulukosamini. Sindiphonya, ndimameza m'mawa uliwonse ndi tiyi. Mabotolo akatha sinditaya, ndawandandalika pawindo.

Tsono tamvera. Ndinakuuza kuti maondo achira, kuti ndayambanso kupalasa makina osokera tsiku lonse, kuti pa mapemphero a swala ndikugwada bwinobwino. Linali bodza, mwana wanga. Mwezi woyamba ndinkamvadi ngati ululu watsikako, kaya anali mankhwala, kaya chinali chimwemwe choti mwana wandikumbukira, sindidziwa. Koma bondo lakumanja likulirabe ngati chitseko chosowa girisi, ndipo makina ndimapalasa ndi mwendo wakumanzere wokha.

Kuchipatala adokotala anandijambula n'kundionetsa chithunzi. Anati kanyama koterera kamene kamakhala pakati pa mafupa kanaperepeseka, mafupa akungokhulana okhaokha. Akuti ndi nyamakazi ya ukalamba, kuphatikiza zaka makumi anayi za utelala. Nditawaonetsa mabotolo ako anawerenga, n'kunena kuti sakundiletsa, ena amati amawathandiza pang'ono, ena samva kusintha kulikonse, koma ndisayembekeze kuti chimene chinatha chimeranso. Anati ndiziyendako pang'onopang'ono, ndizithowa ndi madzi otentha, ndichepetse mimbayi, ndipo ndigwire ndodo. Ndodo! Ine Haruni, wa mwana ku Joni? Ndinakaibisa kuseri kwa chitseko.

Ndikananamiza iwe wekha bwenzi zili bwinoko. Ndinanamiza mzikiti wonse. Lachisanu lililonse ndinkameza panado ndisananyamuke, n'kukana mpando umene amaikira okalamba kumbuyo. Ndinkagwada pamzere woyamba nditaluma mano. Botolo linkakhala m'thumba la mkanjo, ndikuonetsa aliyense kuti awa ndi mankhwala a mwana wanga, mutazungulira Mzuzu yense simungawapeze.

Che Ramadhan, mnzanga wa golosale uja tinachokera limodzi ku Mangochi, ankandiseka. Ankati Che Haruni, linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Iye yekha ndiye ankadziwa zoona, chifukwa ndi amene ankandigwira mkono tikamakwera kamtunda kobwerera kunyumba kaja.

Che Ramadhan anatisiya Lachiwiri lapitali. Anagwa m'mawa akutsegula golosale, pofika naye kuchipatala n'kuti atapita kale. Kwa Allah tinachokera, kwa Iye tidzabwerera. Mwambo wathu ukuudziwa, maliro sitigoneka. Ana ake, wina ali kwanuko wina ku Mangochi, anali akufunsabe za basi pamene ife tinali titamusambitsa kale. Sanda yomukulungira ndinadula ndine, ndi sizasi yomwe ndinkamudulira mikanjo.

Titafika kumanda masana, a Shehe anafunsa kuti achibale olowa m'dzenje kukalandira thupi ali kuti. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Kenako anandiyang'ana, n'kunena kuti Che Haruni ndiye m'bale wake kuno, komanso maondo awo anachira ndi mankhwala a ku Joni, alowe ndi anthu ena awiri. Ndikanati chiyani? Pakamwa panga pomwe ndi pamene panandipereka. Ndinakhala m'mphepete mwa dzenje n'kutsetsereka mpaka pansi.

Tinamulandira, tinamugoneka chakumanja m'mphako ya m'mbali, nkhope kuloza ku Makka. Ndinagwada n'kumasula mfundo za sanda, kumutu ndi kumapazi. Tinatseka ndi matabwa. Anzanga awiri aja anakwera n'kutuluka. Ine poti ndidzuke, bondo linakana. Linangouma gwa, ululu n'kundilasa mpaka m'chiuno. Ndinayesa kachiwiri, ndinagwera pamatabwa a mnzanga.

Pamwamba anthu anali ndi mafosholo m'manja, kudikira kuti wamoyo atuluke kuti akwirire wakufa. Botolo lija linapulumuka m'thumba, chitsekerero n'kuguluka, mapiritsi ali mbwee m'dothi lofiira. Palibe amene anaseka, Wahid, bola akanaseka. Awiri anatsikanso kudzandikankha, ena awiri akukoka pamwamba, ngati akukweza thumba la chimanga m'lole. Ndi mayina awo omwe sindiwadziwa. Mapiritsi ako anakwiririka limodzi ndi Che Ramadhan.

Manyazi ndinachita, sindikana, koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi china. Nditagwada pansi paja ndinayang'ana m'mwamba, ndinaona nkhope zonse zitazungulira dzenje, ndipo ndinadzifunsa kuti tsiku langa adzatsika ndani. Malemu amayi ako a Maryamu tinawalandira awiri, iwe kumutu ine kumapazi. Papita zaka zisanu, ndipo chichokereni sabata imeneyo sunapondenso Mzuzu.

Chibwerereni kumanda makina sindinawavundukule. Mayi Esme oyandikana nawo aja, a ku Nkhata Bay, amabwera ndi madzi otentha mufulasiki. Amati pepani chomene adada, ine n'kuti yewo, basi nkhani yathera pomwepo. Zaka makumi atatu mu Mzuzu, Chitumbuka changa chikadali cha pamsika. Munthu woti ndiseke naye m'Chiyao ndinamukwirira Lachiwiri. Ana a kuyunivesite amadutsa pamsewu ali piringupiringu, palibe wokhotera kuno pokhapokha zipi itaduka. Ndili ndekha, mwana wanga, ndipo kukundiwawa kuposa bondo.

Ndiulule chinanso. Mabotolo aja sindinkawapempha chifukwa cha maondo okha. Goodwell akabwera nawo amakhala pakhonde, ndimamuthirira tiyi, n'kumandiuza kuti wanenepa, kuti wayamba dazi, kuti Lukiya amayenda ngati agogo ake aakazi. Ndimamufunsa mpaka amachita kuyang'ana wotchi. Kanthawi kameneko ndimakadikira miyezi itatu.

Ndiye mwezi watha unandiuza kuti popeza ndachira, ulendo wako wa Disembala uusunthira chaka chamawa, m'malo mwake utumiza mabotolo ambiri. Ndinati chabwino, waganiza bwino. Nditadula foni ndinakhala pampando mpaka tiyi anazizira. Bodza langa lomwe ndi limene landilanda mwana. Sindikukuda ayi, unachita zimene mwana wabwino amachita, wolakwa ndine.

Amati chibale n'fupa, sichiwola. Ine fupa ndaliona ndi maso anga pachithunzi cha adokotala. Kuwola siliwoladi, koma kutha limatha.

Choncho mabotolo ena usatumize. Otsalawa ndimaliza, sinditaya chinthu chochokera m'manja mwako. Ndodo ija ndaitulutsa, ndipo Lachisanu ndikakhala pampando kumbuyo ndi okalamba anzanga, aseke amene aseke. Koma iwe bwera. Usadikire foni ya a Shehe, chifukwa ikadzalira, basi ya ku Joni imagona panjira, ndipo udzapeza dothi litauma kale ngati ana a Che Ramadhan.

Sindikuti ndikufa mawa, nyamakazi siipha munthu, usayambe kulira ngati amayi ako. Ndikungofuna undigwire mkono pakamtunda kaja ndikadali ndi mphamvu zokukalipira kuti ukuyenda mothamanga. Ubwere chimanjamanja, palibe kanthu.

Undiperekere moni kwa Shifa, umuuze kuti ndikuthokoza posamala mwana wanga wouma mutuyo. Lukiya umuuze kuti agogo ake anamusokera diresi labuluu la matumba awiri. Goodwell anapempha kuti alitenge pamodzi ndi kalatayi, ndakana. Muyezo ndinangoyerekeza pa foni, ndipo telala weniweni samaliza chovala asanamuyeze mwini wake. Mpendero ndausiya wosapinda mpaka adzaime yekha patsogolo panga.

Allah akusungeni nonse atatu, akutsegulireni njira yobwerera kuno.

Ndine bambo ako,
Haruni