Mbendera Yako Ija

Darlene,

Usadabwe kuona galimoto palibe, ndathamangira kuchipatala ku Brawley ndi mchimwene wako Royce. M'mawa uno tinatsala pang'ono kuwombana pamwamba pa phiri la mchenga, iye pa njinga yake yamoto ya matayala anayi, ine pa yanga. Akuti ine sanandione, anangoona mbendera yofiira ikusuzumira kuseri, n'kukhota. Wagwa, phewa laguluka, koma usaope, akutukwana bwinobwino.

Inde, mbendera yomwe unandimangirira dzulo pa ndodo yaitali kumbuyo kwa njinga ija, ine ndikuseka kuti m'chipululu muno ndodo yowedzera nsomba ndi yachiyani. Pepa, mayi.

Mwana wathu asakwere njinga yake usanaimangirire mbendera ina, ndipo uphwetseko matayala, angatitimire mumchenga.

Ndodo yako yawedza mwamuna wamoyo. Zikomo.

Wendell