Tabuleti Yaing'ono ndi Chithunzi Chanu Chili ku Sinda

Amayi anga, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Mkaika tadzuka ndithu. Za mwana wanu woyamba, akulu anga a Labani, sindinganene, chifukwa sitidzutsana. Ndayamba ndi dzina lawo dala kuti lichoke pakhosi msanga. Ndiwo anatenga chithunzi chanu tsiku lometa maliro anu, ndipo mpaka lero chili pakhoma pawo ku Sinda, zaka makumi atatu ndi zinayi tsopano. Paja munkanena kuti mkwiyo wanga uli ngati nyemba zouma, umakhala pamoto tsiku lonse. Simunaname, amayi. Zikadali pamoto.

Koma imvani kaye zabwino. Nsawa zachita bwino chaka chino m'munda wanu uja wa kuchulu, moti akazi anga, apongozi anu a Nabanda, akhala akuswa mpaka zala zatupa. Chimanga nachonso sichinatichititse manyazi. Thonje lokha ndi limene linavutika ndi mbozi. Mtengo wa mango umene munabzala kuseri kwa khola unathyoka nthambi yaikulu ndi mphepo, koma waphukiranso, ndi wamakani ngati mwini wake. Bondo langa lamanzere limandiuza za kuzizira kusanafike. Esinati, mwana wanga uja munamusiya akukwawa, ndi namwino tsopano ku Vubwi, ndipo mwezi wathawu wabereka mwana wachitatu, wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, Delifa. Makutu ndi anu enieni, ndipo akafuna chinthu salira kawiri.

Esinati yemweyo ndi amene wandisowetsa mtendere masiku ano ndi nkhani ya tabuleti. Ndikufotokozereni, poti munapita zinthuzi zisanabwere. Mukukumbukira sileti lija ndinkanyamula popita kusukulu, ndisanasiyire mu Sitandade 2 kuti ndiziweta ng'ombe, a Labani apitirize? Tabuleti ili chimodzimodzi, koma ndi yagalasi ndipo imawala yokha. M'katimo muli Baibulo lonse, muli nyimbo za kutchalitchi, muli wailesi, ndipo imajambula zithunzi. Lamulungu lililonse masana Esinati amatulukira pagalasipo n'kumandifunsa ngati ndamwa mankhwala. Mukanaiona mukanaifunditsa chitenje kuti anthu a m'katimo asamve kuzizira.

Yangayo Esinati anandipatsa zaka zisanu zapitazo, ataigwiritsa kale ntchito iye. Ndi yaikulu ngati thireyi ya tiyi. Pangodya inang'aluka tsiku limene inagwa pangolo. Batire lake lakalamba kundiposa: ndikaitchaja pa sola m'mawa wonse, imafa ndisanamalize chaputala chachiwiri. Ndipo ndi yaulesi. Ndikaiuza kuti itsegule Masalimo, ndimatha kupita kukamasula mbuzi, kubwera, ndi kuipeza ikuganizabe. Koma zilembo zake, amayi, ndi zazikulu ngati mbewu za chimanga. Ine amene aphunzitsi ananditaya pakati panjira, ndawerenga Yobu yense pamenepo popanda wondithandiza.

Tsono Esinati akuti zatsopano zatuluka, zazing'ono, zopepuka, ndipo akufuna kundigulira imodzi abwere nayo pa mwambo wa Kulamba. Yakaleyi akuti akaisiya kusitolo, kumene amalandira zakale n'kuzifufuta zonse za m'kati. Anati ndiganize, ndimuyankhe Lamulungu.

Yaing'onoyo ndinaiona kale ndi maso. Alangizi athu a thonje, a Mbewe, ali nayo, ndipo atabwera kudzaona mbozi zija ndinawapempha kuti ndiigwireko. Kukula kwake ngati kabuku ka nyimbo, koma kupyapyala ngati lumo. Ukangoikhudza yatsegula kale, ngati imadikira iweyo. A Mbewe anajambula mbozi patsamba, n'kuikuza ndi zala ziwiri mpaka tinaona ubweya wake umodzi umodzi. Ine ndinajambula a Nabanda akupeta. Atadziona anakwiya, nati tifufute msanga chifukwa chinthucho chawawonjezera makwinya amene iwo alibe. A Mbewe anaseka mpaka anakhala pamtondo.

Zoipa zake ziliponso. Zala zangazi zinakula ndi khasu, ndikafuna kudina chilembo chimodzi zimadina ziwiri. Zilembo ndi nyerere. A Mbewe anandikuzira, koma zitakula panangotsala mawu atatu pagalasi lonse, ndiye Salimo limodzi ungalimalize mawa. Komabe pamene iwo ankayang'ana kumbali, ndinaiyesa m'thumba la m'kati la jekete langa la kutchalitchi. Inalowa yonse, amayi. Osaoneka ngakhale kangodya. Ndikuuzani chifukwa chake ndinachita zimenezi, poti kwa inu sindinkatha kubisa ngakhale dzira.

Mukumbukire tsiku limene tinajambulitsa chithunzi chija. Ndinali nditagulitsa thonje langa loyamba. Ndinakukwezani panjinga kuchoka kuno mpaka pa Boma ku Katete, inu mutavala bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, nsapato zobwereka mutazigwira m'manja kuti zisade. Wojambula uja wa kuseri kwa sitolo ya nsalu anati anthu awiri mtengo wake ndi wina, ndiye ine ndinatsala panja nditagwira njinga. Munatuluka mukudandaula kuti munthuyo wakuuzani kuti museke pamene panalibe choseketsa. Chithunzi chanu ndi chokhacho padziko lonse. A Labani nthawi imeneyo anali ku koleji, sanapalase njinga, sanatole thonje ngakhale dengu limodzi.

Koma tsiku lometa, pogawa katundu wanu, anachitulutsa m'sutikesi mwanu pamaso pa anthu, nati: “Ichi ndikusungira ine, Gidiyoni. Kwako kuli utsi ndi chiswe.” Anthu anavomera, poti olankhulawo anali aphunzitsi. Ine ndinalandira khasu lanu ndi mpando wa ndalema. Nyumba ya malata ndinamanga zaka makumi awiri zapitazo, khitchini ili payokha, chiswe ndinathana nacho. Kusungako sikunathebe.

Ndiye mu Epulo, nditamva kuti a Labani akudwala miyendo, ndinakwera minibasi kupita ku Sinda kukawazonda. Ndinanyamula thumba la nsawa, ndipo pakati pa nsawazo ndinabisa tabuleti yanga yaikuluyo. Ndinawapeza ali pampando wa khushoni, miyendo ili pa sitolu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nati, “Iwe Gidiyoni, ukadali moyo?” Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wazidzukulu, akadali iwe. Ndinati ndikadali moyo, akulu. Inu munali pomwepo pamwamba pa mutu wawo, m'felemu yagalasi, pakati pa kalendala ndi satifiketi yawo ya uphunzitsi.

Tinacheza za mvula ndi za mitengo ya feteleza, iwo akuponyamo Chizungu apa ndi apo kuti ndisaiwale amene anaphunzira. Titadya, anayamba kusinza. Alamu anali panja. Ndinapisa dzanja m'thumba mwakachetechete, ndinasolola chithireyi changa, nsawa zina n'kugwa pansi n'kumagubuduka pasimenti. Ndinaima patsogolo panu nditachikweza ndi manja awiri. Chinayamba kuganiza monga mwa khalidwe lake. Ndinadikira. Kenaka chinalira kuti khwa, ngati munthu wathyola nkhuni.

A Labani anatsegula diso limodzi. “Kodi wayamba kujambula makoma a anthu?”

Ndinati ndimajambula kalendala, kwathu kulibe. Anaseka mpaka anatsokomola, ndipo atapeza mpweya anati chithunzicho chili bwino pomwe chilipo, kwanga kuli utsi. Ndinatola nsawa zanga pansi imodzi imodzi, ndinatsazika mwaulemu, ndinabwerera.

Nditafika kunyumba ndinatsegula kuti ndione chimene ndagwira. Amayi, munatuluka ngati munthu woima m'nkhungu ya m'mawa kudambo. Bulauzi ikuoneka, duku likuoneka, koma maso ndi pakamwa zasungunuka. Ndipo galasi la felemu linandigwira inenso. Paphewa panu pali nkhalamba ya ndevu zoyera, kukamwa kuli yasa, itanyamula chinthu ngati ikupereka tiyi. A Nabanda anaseka mpaka misozi, nati akuba ena amasiya mapazi, koma ine ndinasiya nkhope.

Mwaona tsono chifukwa chake yaing'onoyo inandikopa. Imalowa m'jekete, imadzuka msanga, a Mbewe akuti ukhoza kuitseka pakamwa kuti isalire, ndipo ngati inaona ubweya wa mbozi, singalephere kuona maso anu. Maso angawa nawonso akupita. Ndikatseka zikope kuti ndikukumbukireni, mawu anu amabwera bwinobwino, koma nkhope imabwera ngati ya pa tabuleti ija. Ndinatsala pang'ono kumuuza Esinati kuti gula.

Lachinayi a Nabanda anandipeza kuseri kwa nkhokwe nditavala jekete la kutchalitchi pakati pa sabata, ndikuyeserera kusolola kabuku ka nyimbo m'thumba mofulumira, kuloza kukhoma, n'kubweza. Anaima nthawi ndithu akundionerera. Kenaka anati, “Bambo a Esinati, amayi anu omwe mukachite kuwaba?”

Ndinavula jekete, ndinatenga khasu lanu lija, ndinapita kumunda kumene kunalibe cholima. Ndinakhala pachulu mpaka dzuwa linapendeka. Munkati ndikakhala chete nthawi yaitali muzibisa mbale zotha kusweka. Koma ulendo uno sindinaswe kanthu, ndinangoganiza. Ndinaona kuti ndikakujambulani bwino, mwina ngakhale a Labani ali maso, iwo adzati, “Basi, wapeza chako, ukufunanso chiyani?” Ndipo anthu adzavomeranso. Nkhani idzathera pomwepo, iwo ali ndi amayi enieni a pa pepala amene ndinawapalasira njinga, ine ndili ndi mthunzi wake m'thumba ngati wakuba. Kamera yabwinoyo ikanawapambanitsa a Labani pa mlandu wonse.

Ndinaganizanso za chithunzi choipacho. Tsiku lija ku Katete ndinatsala panja ndi njinga. Kuyambira pamene munandibereka, palibe pepala kapena galasi limene linatigwirapo tili awiri, kupatula ichi. Ndimachitsegula m'mawa uliwonse, chikamaliza kuganiza kwake. Inu muli mtsikana ndithu poyerekeza ndi ine, ndipo ine ndikuoneka ngati agogo anu opusa, koma tili limodzi.

Lamulungu Esinati atatulukira pagalasi, ka Delifa kali paphewa, ndinamuuza kuti yaing'onoyo aisiye kusitolo, igule anthu a zala zoonda. Ngati akufuna kundichitira chifundo, andifunire wokonza amene angaike batire lina m'chithireyi changa. Anati zithunzi zimasamutsika, palibe chimene chingatayike. Ndinati ndamva, koma pa yaing'onoyo agogo ake adzachepa ngati bokosi la machesi, pamene apa nkhope yawo ikukwana chikhatho changa. Anapukusa mutu nati, “Atate, ndinu ovuta.” Ndinati anene zimenezo kwa amene anandibereka. Tinaseka tonse, kenaka batire linafa iye ali pakati pa mawu.

Choncho ndatsala ndi yakale yanga, ndipo mtima uli m'malo. Sindikufuna munda wa a Labani, sindikufuna kuti andibwezere sukulu, imeneyo inapita ndi ng'ombe zija. Ndisanabwere kumeneko ndikufuna chinthu chimodzi chokha. Akwere minibasi iwo eni, ndi miyendo yawo yotupayo, atsike pa Katete, afike pakhomo pano, achotse chithunzicho m'chikwama, achiike m'manja mwanga a Nabanda akuona, anene kuti, “Unagula ndiwe, Gidiyoni.” Iwe ameneyo ndidzamulola tsiku limenelo. Ndidzawaphera nkhuku, ndipo ndidzawapatsa mpando wanu wa ndalema akhalepo.

Inu ankakumverani, amayi. Ngati kumeneko amalola kuyenda, apitireni ku maloto muwakoke khutu monga munkachitira. Abusa asamve kuti ndapempha zimenezi.

Khoma la pabalaza ndalipaka laimu sabata yatha, ndipo msomali ndakhoma kale, pamalo pamene dzuwa la m'mawa limafika koma osawotcha. Palibe chimene ndidzapachikepo, ngakhale chipewa, kufikira mutabwera inuyo.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa nyemba zosapsa uja,

Gidiyoni